Bokosi la Mano Akale

Ku msasa, 4 Meyi

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga mapasa chifuwa chija chinawasiya? Ine ndili bwino, kungoti ndada ngati mphika ndipo m'mutu mwadzaza mchenga. Kuno foni yasanduka tochi, netiweki kulibe. Makalata azidzera kwa dalaivala wa thanki imene imatibweretsera madzi. Mukalemba kasiyeni pa depoti yawo, mukangoti "anthu a mafupa" akudziwa.

Nkhani yanga ndi bokosi lija ndinasiya kwanu tsiku lonyamuka, inu muli kuntchito. Alamu analilandira ndi nkhope ya munthu woti waponda zoipa, komabe analilowetsa. Muli mano. Musaseke. Si oikirira ngati amene mumapangira anthu inu, ndi a nyama zimene zinafa kale munthu asanabwere padziko: zonga akavalo, zonga mvuu, ndi china chonga nkhumba koma chachikulu ngati ng'ombe. Ndinawakumba zaka zitatu pa chigwembe chija ndinkakuuzani. Lero chigwembecho kulibe. Anadutsitsapo msewu, makatapila anasalaza zonse, ndipo ndamva kuti pamangidwa malo omwetsera mafuta. Zimene zili m'bokosimo ndi zokhazo zimene zinatsala.

Mumandifunsa nthawi zonse kuti ndimafunanji m'mano a nyama zakufa, koma ndikayamba kuyankha mumayang'ana zikhadabo zanga. Pakalata simuziona, ndiye imvani. Madzi si amodzi. Ena ndi olemerako pang'ono, ena opepukako, ngakhale lilime silingasiyanitse. M'mabuku timati maisotopu, inu ingotini olemera ndi opepuka. Mtambo ukamakwera phiri umayamba kutaya olemera m'munsi, ndiye mvula yofika pamwamba ndi kuseri imakhala yopepuka. Nyama ikamamwa ikukula, chizindikiro cha madziwo chimalowa mu enamelo, kunja kolimba kwa dzino kuja, n'kukhala momwemo mpaka kalekale. Ine ndimapalapo kaufa pang'ono, makina n'kundiuza kuti nyamayo inkamwa mvula yotani, ndiponso ngati inkadya udzu kapena masamba. Dothi la pansi pa chigwembe ndi lakale, la pamwamba ndi laposachedwapa. Ndikayerekeza mano a pansi ndi a pamwamba, ndidzadziwa nthawi imene mapiri ano anatukuka n'kutchinga mvula, dziko n'kuuma. Basi, ntchito yanga ndi imeneyo.

Pa makinawo andipatsa malo mu Novembala, kamodzi kokha. Abwana a Chipewa anandiuza maso ali gwa kuti ndikapanda kutulutsa kanthu chaka chino ndikafune kwina kokumba. Kuno ku msasa watsopano tikungotola zigoba za fulu, ndipo fulu, monga mukudziwa, alibe dzino ndi limodzi lomwe.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinalisiye kuntchito. Achimwene, sitolo yosungiramo katundu ya kuntchito kwathu mutaiona mukhoza kukomoka. Denga limadontha, makoswe amayenda masana ngati analipira lendi, wina anasiyamo mbale ya chakudya chaka chatha ndipo inamera ubweya. Ndinadzifunsa kuti nyumba yaukhondo kuposa zonse imene ndikuidziwa ndi iti. Ndi ya munthu uja ankandibweza pakhomo ndili mwana kuti ndikasambenso mapazi. Ingolisungani pouma.

Munditumizire sopo ndi nkhani.

Ndine mlongo wanu,
Mfuko


Kunyumba, 19 Meyi

Alamu,

Moni. Tili bwino, mapasa achira, achimwene anu akadali m'kamwa mwa anthu. Sopo ndatumiza, ndipo ndikhulupirira mumugwiritsa ntchito.

Sindilemba zambiri, chifukwa ndikalemba zambiri ndilemba zoipa. Katundu wanu ndinamuika m'kachipinda kosungira ufa, komwe ndi kouma monga munafunira. Mukudziwa kuti ndi momwe ndimasunga ufa, shuga ndi batala wa makeke anga. Sabata yoyamba kunali zii. Yachiwiri ndinamva kafungo, ndinakalipira mapasa osalakwa. Lachinayi kunabwera mayi wina kudzatenga keke ya ukwati wa mwana wake. Anainunkhiza, anandiyang'ana, kenaka akuti, "Mayi, mwasintha batala?" Alamu, chiyambireni kuphika makeke palibe anandifunsapo funso limeneli. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinatsegula bokosi lanu. Pepani, koma ndinatsegula. Mayo ine! Timatumba tansalu mbwee, tadothi, tina tankhungu, kalikonse ndi nambala yake ngati mkaidi. Mphemvu zinatuluka ngati zaweruka kusukulu. Ndipo pansi penipeni panali khoswe. Osati wa kuno, ine makoswe ndilibe. Ameneyu munabwera naye kuchokera kuntchito kwanu kuja, anafera momwemo, n'kutupa, n'kusungunukira pa timatumba ta pansi. Ndinasanza kawiri, kachitatu kunalibe chotuluka. Ndinamutulutsa ndi chopanira makala, iyeyo ndi zonse zimene anagonera, ndipo chopaniracho ndinataya. Ufa thumba lathunthu ndapatsa woweta nkhumba.

Ine sindimvetsa. Achimwene anu anavutika ndi m'kamwa mwa anthu osawadziwa kuti inu muphunzire, ife n'kumati tikulera dokotala. Mwaphunzira, mwaphunziranso, mapeto ake mukutola mano a nkhumba zakufa n'kumatula m'nyumba za anthu. Banja lino lili ndi chiyani ndi mano? Wina amabwera nawo m'thumba la malaya, ndimawapeza pochapa akundisekerera, wina wabwera nawo m'bokosi. Ine ndinakwatiwa m'kamwa.

Ndiuzeni chochita nalo. Panopa lili pakhonde lakuseri, ndalifunditsa pulasitiki. Likakhalitsa sindikulonjeza kanthu.

Mlamu wanu


Kunyumba, 2 Juni

Mfuko mlongo wanga,

Ndakondwa kumva kuti uli moyo. Kodi ukudya? Ife tili bwino. Ntchito ikuyenda. Sabata ino ndapangira agogo ena mano apamwamba ndi apansi, atadziona pagalasi anaseka mpaka ana awo anachita manyazi.

Kalata yako ndinaiwerenga katatu. Za madzi olemerazo ndinamva pang'ono, kwinako ndinasochera mu mtambo. Koma nditafika pa enamelo mtima wanga unangoti myaa. Zaka zonsezi umandifotokozera za miyala ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Kani iwe ndi ine timagwira ntchito imodzi!

Za mlamu wako usadandaule. Ukumudziwa, amabangula koma saluma. Komabe pa fungo sananame. Ndinalipeza bokosilo pakhonde, ndinasuzumiramo, ndinamva chisoni. Mano abwino chotere, ena aatali ngati chala changa, ogona m'nsanza zankhungu! Anakuphunzitsa kusunga mano ndani? Si ine. Ndalinyamula ndapita nalo ku chipinda changa chogwirira ntchito kuchipatala, komwe ndi kouma ndipo ntchentche yomwe imayamba yagogoda isanalowe. Nkhani ya fungo yatha. Zina sindikuuza panopa, udzaona wekha.

Ulembe. Kodi kumeneko mumasamba kangati?

Achimwene ako


Ku msasa, 21 Juni

Achimwene,

Moni nonse, ndi mapasa omwe. Pepani ndachedwa kuyankha. Thanki inafera panjira, ndiye takhala tikumwa madzi a pachithaphwi chimene amamwa abulu, obiriwira, okhala ndi tinthu tosambira. Timasefa ndi sokosi. Mwayi wake mano anga anakhwima kale, apo ayi wodzawapala m'tsogolo akanadzalemba kuti kuno kunkakhala bulu wamkazi wa mano ang'onoang'ono.

Kalata ya alamu inandisowetsa mtendere. Ndinawayankha tsiku lomwelo, masamba awiri athunthu, ndinapatsira wogula mbuzi wina amene ankatsika ndi lole yake. Ndikhulupirira inafika ndipo munaiwerenga nonse, choncho sindibwereza. Mundipepesere kwa iwo za ufa ndi za keke. Khoswe ameneyo ndikumudziwa, ankakhala kuseri kwa kabati ya Abwana a Chipewa. Pa ofesi yonse ndi yekhayo amene ankafika pa nthawi yake.

Yanu itafika ndinapuma. Chipinda chanu chija! Bwanji ine sindinachiganizire? Mwachita bwino kwambiri, achimwene, pitirizani momwemo mpaka nditabwera. Mwati timagwira ntchito imodzi. Ndinaseka, kenaka ndinalira pang'ono, chifukwa kunyumbako palibe ananenapo kuti zimene ndimachitazi ndi ntchito.

Abwana anabwera ndi alendo ojambula. Anagwada pa dzenje limene ndakumba ine, anabwereka burashi yanga, anajambulitsa akupukuta chigoba cha fulu chimene ndinapukuta kale, n'kumapita. Anatisiyira zitini za nsomba zodyeka theka kuseri kwa tenti yanga, ntchentche zili ng'aa, ndi zina zimene sindingalembere achimwene anga. Pokwera galimoto anatulutsa mutu pazenera n'kunena kuti, "Novembala, mayi." Ngati kuti ndaiwala.

Za kusamba musafunse.

Mfuko


Kunyumba, 9 Julaye

Mfuko,

Moni. Tili bwino, kupatula kuti mmodzi wa mapasa wagulula dzino ndipo akuti ndimupangire lina lagolide. Nanga iwe m'mimba muli bwanji ndi madzi a abuluwo?

Kalata imene ukuti unalembera mlamu wako sinafike. Wogula mbuzi wakoyo mwina anakulungira nyama. Koma zilibe kanthu, popeza yachiwiriyi yanena zonse. Kunena zoona ndinali nditachita theka lokha n'kuima, mtima ukundiuza kuti ndiyambe ndamva kwa mwini wake. Utati ndipitirize, ndinavula jekete.

Tsopano imva. Ndinawatulutsa onse m'nsanza zija. Ndinawaviika, ndinawatsuka limodzilimodzi ndi burashi yofewa, dothi lonse la m'mizu ndinalitokosola, ndinawaphika mu mphika wathu wophera majeremusi, kenaka ndinawapukuta ndi makina mpaka ena ukhoza kudziyang'anirapo. Ena anali ndi timizere tobooka m'mbali, tondondozana bwinobwino. Matenda otere sindinawaonepo, koma ndinamata onse. M'timatumba tina munalinso timabotolo tokhala ndi fumbi loyera, ndatitsuka, ukhoza kutigwiritsanso ntchito. Timatumbato ndinatentha mu ng'anjo ya kuchipatala pamodzi ndi thonje, monga timachitira ndi chilichonse chimene chakhudza dzino. Sindinasiye ndi kamodzi komwe.

Koma chachikulu ndi ichi. Iwe unawasakaniza koopsa. Lakumanzere lili uku, lakumanja m'kathumba kena, lakutsogolo kwinanso. Loweruka ndi Lamlungu lililonse ndinkawayala patebulo, n'kumayesa ili ndi ilo mpaka atalumana. Ndawaumbira nsagwada za pulasitala ndi nkhama za phula lofiira. Zatuluka nsagwada zingapo za akavalo ako, ziwiri za mvuu, ndi chinkhumba chija, chimene chinaperewera mano atatu ndiye ndinachipangira. Sungasiyanitse, ngakhale iweyo.

Zili mu kabati yagalasi pamene odwala amadikirira. Ana asiya kulira, amangoti kukamwa yasa. Dokotala wathu anachita kuitana mkazi wake kuti adzaone. Aliyense akafunsa ndimati, "Ndi za mlongo wanga, amayeza mapiri." Ndalembapo ndi kapepala komwe.

Ukabwera ungonyamula n'kupita nazo kwa abwana akowo, aone kuti kwanu kuli anthu.

Achimwene ako


Ku msasa, 26 Julaye

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa munandilera. Za umoyo sindifunsa.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa tenti, ndipo ndinasanza pomwepo, pa zitini za abwana.

Mwatentha timatumba. Achimwene, timatumbato ndiye tinali ntchito yanga. Dzino palokha ndi mwala chabe. Nambala ya pa kathumba ndi imene inkandiuza kuti ili linachokera pansi pa chigwembe, ilo pakati, ilo pamwamba. Pa dzino penipenipo sindinalembe kanthu poopa kuti inki ingalowe mu ufa wopita ku makina. Lero makina atandiuza kuti nyama iyi inamwa mvula yopepuka, ndifunse ndani kuti inamwa liti? Phiri lisanakwere kapena litakwera? Ndifunse ng'anjo ya kuchipatala? Zithunzi ndili nazo za ochepa, ndipo ndi za mano adothi. Amene mwawalitsa n'kumiza mizu m'pulasitalawo mayi wawo yemwe sangawazindikire.

Sindinawasakanize. Ankakana kulumana chifukwa eni ake sanaonanepo. Kavalo wa dzino lakumanzere anafa, dothi linamukwirira, mitsinje inasintha njira, zaka mamiliyoni zinadutsa, kenaka ndiye kunabadwa mwini wa lakumanja. Inu mwawakakamiza m'nsagwada imodzi n'kuwapaka nkhama zofiira ngati chidole cha m'sitolo. Timizere munamata tija si matenda. Ndinaboola ndekha, miyezi yathunthu, maso akutuluka misozi, mzere uliwonse nyengo imodzi ya moyo wa nyamayo. Fumbi loyera munatsukira m'sinki lija ndi limene ndinatulutsamo. Zikomo pondisungira timabotolo.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti ndinathawa uve. Makoswe a kuntchito akanadya timatumba tiwiri kapena titatu n'kukhuta. Inu mwadya tonse, mutavala magolovesi. Moyo wanga wonse mwakhala mukunditsuka. Mapazi, zikhadabo, m'makutu. Miyala imene ndinkabisa pansi pa bedi munkaitaya ndikapita kusukulu, n'kukolopa pamalopo. Dzina la Mfuko munandipatsa ndinu, koma simunafunsepo kamodzi kuti dothilo ndi lachiyani. Mukaona dothi pa chinthu changa mumangoona mwana wosasamba. Munasochera mu mtambo, mwatero nokha, koma simunaime kuti mufunse njira.

Ndiye mwalembapo kapepala. Chotsani. Musauze munthu kuti zidole zimenezo ndi zanga. Sitigwira ntchito imodzi, achimwene. Inu mumapanga mano abodza kuti anthu aziseka.

Novembala ndilibe chopita nacho. Sopo musatumizenso.

Mfuko


Kunyumba, 11 Ogasiti

Alamu,

Moni, ngati moni akadalipo pakati pathu. Ana ali bwino. Achimwene anu sali bwino, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa ndinu, popeza kalata yanu sanandionetse. Anaiwerenga ataima pakhomo, anaipinda, anaiika m'thumba la malaya, ndipo akuyenda nayo mpaka lero. Chakudya amangochitembenuza. Kabati ija aiphimba ndi nsalu ya pabedi ngati muli maliro. Dzana anapatsa bambo wina mano a munthu wina, bamboyo anabwerera atayasama, pakamwa posatsekeka, malovu ali chuu. Chikwatiwireni sindinamvepo zotere.

Chimene analakwa sindikuchidziwa ndipo sindikufuna kuchidziwa. Ndikudziwa zimene ndinaona popititsa chakudya kuchipatala kuja: bambo wa imvi atawerama, magalasi ali pamphuno, akutokosola dothi m'dzino la nkhumba ndi kachitsulo, akuimba. Kutchalitchi anajomba mwezi wathunthu. Ana anaiwala nkhope yawo. Ankati, "Mwanayu sanandipemphepo thandizo pa ntchito yake, lero wandipempha." Inu simunawapemphe kanthu, ndikudziwa, munangotula uve wanu n'kuthawa. Koma iwo anamva choncho.

Munthu akutsukire zonyansa zako, iwe n'kumulavulira. Maphunziro amenewo akhale anu, ana anga asawatengere.

Tsopano chimene ndalembera. Uve wanu wina ukadali kuno. Khoswe uja ndi timatumba tonse timene anasungunukirapo ndinaponya m'chidebe cha penti, ndinatseka, ndinakankhira kuseri kwa khola la nkhuku. Achimwene anu sindinawauze, chifukwa ndinadziwa kuti akanatola n'kuyamba kutsuka ndi khoswe yemwe. Ndinkadikira kuti mwini wake adzatenge. Tsopano sindidikiranso. Dzuwa likatentha chivundikiro chimatukuka, nkhuku zasiya kuikira mbali imeneyo, ndipo aneba ayamba kufunsa ngati paipi ya chimbudzi chathu yaphulika. Ine wophika makeke! Pakutha pa mwezi uno galimoto ya zinyalala ikabwera, chidebecho chikwera. Ndanena, kuti musadzati mlamu anataya osandiuza.

Mlamu wanu


Ku msasa, 3 Seputembala

Alamu anga,

Moni, ndipo ndikulemba nditagwada. Kalata yanu yafika lero. Lero! Inagona pa depoti, wina anaikirapo kapu ya tiyi n'kuiiwala. Mwezi watha kale, ndiye mwina ndikungolembera galimoto ya zinyalala.

Ngati chidebecho chikadalipo, musachitaye, musachitsegule, musachitsuke, ndipo munthu aliyense wokonda ukhondo asachiyandikire. Timatumba ta pansi pa bokosi ndinatiika pansi dala chifukwa ndi tolemera. Muli mano aakulu a akavalo, ena a pansi pa chigwembe, ena a pamwamba. Si ambiri. Mwina sakwana n'komwe. Koma lililonse lili ndi nambala yake, inkiyo ndi yosafufutika, ndipo khoswe wowola sangalowe mu enamelo. Alamu, chaka chonsechi chimene chandithandiza ndi kunyansidwa kwanu kokha. Pitirizani kunyansidwa, koma chapatali.

Ngati chapita, chapita. Musandibisire.

Achimwene akudya tsopano? Zimene ndinawalembera za timatumba ndi zoona ndipo sindibweza. Koma pali mzere umodzi chakumapeto, iwo akuudziwa, umene ndikanakonda ukanapita ndi wogula mbuzi uja.

Mfuko


Kunyumba, 4 Seputembala

Mfuko,

Moni. Za umoyo sunafunse, koma tili moyo. Sunandilemberenso, ndipo sindikudandaula.

Kapepala ndinachotsa. Kalata yako ndaiwerenga mpaka yang'ambika mopinda. Za mtambo tsopano ndamva. Ndamva mochedwa, ngati munthu wogula burashi dzino litazulidwa kale.

Lachisanu m'mawa ndikupita kuntchito ndinakumana ndi mlamu wako pageti, mphuno atamanga mpango, chidebe cha penti atachikoleka kunsonga ya mtengo wa mopu. Galimoto ya zinyalala ili pakona ikuliza hutala. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati, "Zotsala za mlongo wanu, ndi khoswe wake." Ndinafunsa kuti, "Zili m'timatumba?" Anati, "Mukufuna ndikutsegulireni?"

Ndinachigwira ndi manja. Opanda magolovesi, Mfuko, nditavala malaya oyera. Anthu a zinyalala, amene amanyamula zowola za tawuni yonse, anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Mmodzi anati, "Bambo, chimenecho n'chathu." Ndinati ayi, ndi cha mlongo wanga.

Chivundikiro ndinachitukula pang'ono pokha, kamodzi. Zimene ndinaona sindilemba, mwina ukuwerenga ukudya. Koma pa kansalu kapamwamba ndinaona nambala, yakuda, yowerengeka bwinobwino. Ndinatseka. Sindinakhudze kanthu. Ndikuuze zoona, manja ankandiyabwa, ndipo burashi inali m'thumba.

Pakhonde sindingachisiye, agalu anayamba kale kuzungulira. Kuseri kwa khola mlamu wako akhoza kusintha maganizo. Kuchipatala dokotala angandithamangitse nacho. Ndiye chili m'chipinda chathu chogona, pansi pa zenera, pouma. Ndachizinga ndi tepi. Mlamu wako wasamukira kwa mapasa, akuti adzabwerera mmodzi wa ife akatuluka, ine kapena khoswe. Ine ndimagona nacho. Fungo limadutsa tepi ngati palibe. Lalowa m'mapilo, lalowa m'tayi, ndipo odwala ayamba kutembenukira kumbali ndikawerama.

Sindikudziwa ngati ali okwanira kuyeza phiri lako. Sindinawawerenge, chifukwa kuwerenga n'kugwira. Udzawerenga wekha.

Bwera msanga, mlongo wanga. Chikununkha koopsa, ndipo sindichitsuka.

Achimwene ako